Foni imadziwa bwanji kuti Asr yakwana?



Holide yapitayi ndili kunyumba, foni yanga inalira adhana ya Asr. Mng'ono wanga wa zaka 8 anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, foniyo imadziwa bwanji kuti Asr yakwana? Imaliona dzuwa?" Ndinamuyankha mwachidule kuti, "Iwe, katawaze, usamachulutse mafunso." Tinaswali, koma usiku funsolo linandisowetsa tulo. Ku madrasa ndinaloweza bwino lomwe kuti Asr imalowa chithunzithunzi cha chinthu chikafanana ndi kutalika kwake. Pano ndili ku yunivesite. Koma sindinayesepo zimenezi ndi dzanja langa olo kamodzi, ndipo ndinatseka mwana pakamwa pofuna kubisa manyazi anga.

Kutacha ndinamuitana pamodzi ndi anzake atatu. Tinatenga ndodo yowongoka, chingwe ndi timiyala. Zomwe tinachitazo aliyense angathe, sizifuna ndalama.

Zikani ndodo chiimire pamalo athyathyathya pomwe dzuwa likuwomba bwino. Kuyambira 10 koloko m'mawa, mphindi 30 zilizonse mwana aziika kamwala pomwe chithunzithunzi chathera. Anawo adzaona okha kuti chikufupika, kenaka chikafika pofupikitsitsa chimayambanso kutalika, tsopano cholozera kummawa. Pofupikitsitsapo ndiye kuti dzuwa lili paliwombo, ndipo likangopendeka Dhuhr yalowa. Yezani chithunzithunzi chachifupicho ndi chingwe, muphatikizepo kutalika kwa ndodo, mumange mfundo. Chithunzithunzi chikafika pa mfundoyo, Asr yalowa malinga ndi madhhab a Imam Shafi'i. A Hanafi amaphatikiza kutalika kwa ndodo kawiri. Muyeso wa chithunzithunziwu ukuchokera mu hadith ya Jibril (AS), yemwe anatsogolera Mtumiki (SAW) pa Swala masiku awiri pomuonetsa nthawi zake. Chenjezo limodzi: ana asayang'ane dzuwa mwachindunji, limawononga maso.

Chithunzithunzi chitafika pa mfundo ija, panangopita mphindi zochepa foni n'kulira. Anawo anakuwa ngati timu yawo yagoletsa chigoli.

Apa ndi pomwe sayansi inayambira. Ndinawafunsa kuti, "Chayenda n'chiyani, ndodo kapena dzuwa?" Onse anati dzuwa. Madzulo tinatenga tochi ndi lalanje, n'kubayapo kamtengo ka machesi. Tochi ili phee, ife tikuzunguza lalanje, chithunzithunzi cha kamtengoko chinkafupika n'kutalikanso. Choncho chomwe chimazungulira ndi dziko, kamodzi pa maola 24, kutanthauza madigiri 15 pa ola. N'chifukwa chake Dhuhr ya ku Mangochi imalowa mphindi ngati 6 ya ku Lilongwe isanalowe, poti Mangochi ili chakummawa. Nanga foni? Siiona dzuwa ayi. Imangodziwa malo omwe muli ndi tsiku la lero, kenaka imawerengetsa masamu omwe anthu analembamo. Ntchito yomwe ndodo yathu inagwira ndi yomweyo app imagwira ndi manambala.

Zimenezi si zachilendo m'Chisilamu. Mizikiti ikuluikulu ya ku Cairo ndi Damascus inali ndi munthu wotchedwa muwaqqit, ntchito yake kuwerengetsa nthawi za Swala potsata dzuwa ndi nyenyezi. Mmodzi wa iwo, Ibn al-Shatir, anapanga wotchi yoyendera chithunzithunzi pa mzikiti wa Umayyad ku Damascus m'zaka za m'ma 1370. Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha m'ma 965, anayesa ndi kuonetsa kuti kuwala kumayenda mowongoka, chomwe ndi chifukwa chenicheni ndodo imakhalira ndi chithunzithunzi. Nayo Qur'an, mu Surat Al-Furqan ndime 45, ikutchula kutambasuka kwa mthunzi pakati pa zizindikiro za Allah. Mwana wogwada pafumbi kuyeza chithunzithunzi akuyang'ana chimodzi mwa zizindikiro zimenezo.

Ana akazolowera, musachotse ndodoyo. Kuno ku Malawi mu Juni chithunzithunzi cha paliwombo chimaloza kummwera, mu Disembala kumpoto. Kawiri pa chaka chimatsala pang'ono kusoweratu chifukwa dzuwa limadutsa pamutu penipeni. Ku Mangochi zimachitika chakumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale. Komanso lembani pakalendala: pa 27 kapena 28 Meyi nthawi ya 11:18 m'mawa, ndi pa 15 kapena 16 Julayi nthawi ya 11:27, dzuwa limakhala pamwamba pa Ka'aba. Nthawi imeneyo mukaima kumapeto kwa chithunzithunzi n'kuyang'ana ku ndodo, mwayang'ana ku Qibla. Ana akhoza kutsimikiza okha ngati mkeka woswalira kunyumba umayalidwa molondola.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Mwana amapita kusukulu m'mawa, ku madrasa masana. Ngati palibe womuonetsa kuti dzuwa la m'buku la sayansi ndi lomwelo la m'phunziro la fiqh, amakula akuganiza kuti ayenera kusankhapo chimodzi. Ndipo tikamamukalipira akafunsa, amaphunzira kuti pa nkhani za dini sipafunsidwa. Mafunsowo sadzatha, adzangokawafunsa kwina, kwa anthu omwe sitikuwadziwa pa intaneti.

Ndiye ife achinyamata, makamaka omwe timathandizira kuphunzitsa ku madrasa, tiyeni tiyese Loweruka likubwerali. Apempheni a Shehe kapena a ustadhi kachigawo ka bwalo la mzikiti. Mwana akafunsa zomwe simukuzidziwa, nenani kuti "sindikudziwa, tiye tifufuze limodzi." Ine mng'ono wanga wandipatsa kale homuweki ina: akuti n'chifukwa chiyani mwezi wa Ramadhan umabwera msanga ndi masiku ngati 11 chaka chilichonse. Ndamulonjeza kuti mwezi ukaoneka tiyamba kuujambula mu kope usiku uliwonse, in shaa Allah.

Allah atiwonjezere maphunziro othandiza, ife ndi ana athu. Ameen.