Diso Lobisika m'Galimoto: Kodi Bwana Alakwa?

Pa msonkhano wa akatekisiti wa mwezi wathawu panabuka funso limene dzuwa linatilowera tisanalimalize. Nali: mwini lole, kapena mwini njinga zamoto za kabaza, abisamo kacipangizo kochedwa GPS, kamene kamuuza pa foni malo pamene galimotoyo iri, usana ndi usiku, dalaivala osadziwa kanthu. Kodi mwiniyo alakwa? Funsoli si la ku Lilongwe kokha. Malole otuta thonje ndi mtedza kuno ku Chitala, ndi ena okatenga nsomba ku Senga Bay, ayendetsedwa ndi ana athu omwe.

Tiyambe ndi bwana, pakuti nayenso ali ndi cilungamo cace. Galimoto ndi yace, dizilo agula ndiye, ndipo mbala za njinga zamoto sizigona. Dalaivala amene apatuka njira kukanyamula matola ndalama naika m'thumba mwace, kapena amene apopa mafuta nagulitsa m'zigubu, aphwanya lamulo lacisanu ndi ciwiri, ndipo akadza kudzalapa timuuza kuti abweze. Ambuye athu omwe, pa Luka 16, asimba za kapitao amene anaitanidwa kuti alongosole za nchito yace. Kulonda cuma cako si chimo ai.

Koma m'galimotomo muli munthu. Kacipangizoko sikadziwa kulekanitsa ulendo wa nchito ndi ulendo wa iye mwini. Kalemba kuti Lolemba anaima maora atatu pa cipatala, kuti Lamulungu anakapemphera kwakuti, kuti Loweruka usiku njinga inagona pa khomo la uje. Zimenezi si katundu wa bwana. Wolemba munthu nchito wagula thukuta lace pa maora amene anapangana. Moyo wace wonse sanaugule. Ndipo lamulo lacisanu ndi citatu, monga Katekisimu atiphunzitsira, silitiletsa bodza lokha, litiletsanso kufukula ndi kuwanditsa zinsinsi za mnzathu popanda cifukwa cokwanira.

Boma nalo linanenapo. Malamulo akulu a dziko lino, a caka ca 1994, pa ndime 21 apatsa munthu ali yense ufulu wakuti za iye yekha zisafufuzidwe wamba, ndipo ndime 31 ifuna kuti anchito asungidwe mwacilungamo. M'caka ca 2024 kunadza lamulo la Data Protection Act, limene bungwe la MACRA liyang'anira. Mutu wace ndi uwu: wosonkhanitsa mbiri ya munthu akhale ndi cifukwa comveka, amdziwitse mwini mbiriyo, ndipo asatenge zopitirira cifukwaco. Zindikirani bwino, akatekisiti, kuti mungasokeretse anthu: lamuloli silinena kuti nthawi zonse pafunika cilolezo ca wanchito, pakuti lilolanso zifukwa zina, monga pangano la nchito. Cimene cikhala cobvuta kuciteteza pa bwalo ndico kubisa.

Mlandu wina wa ku Ulaya utithandiza. M'caka ca 2022 bwalo la ku Strasbourg loona za ufulu wa anthu linazenga nkhani ya munthu wa ku Portugal, woyendera kampani ya mankhwala, amene anacotsedwa nchito GPS itaonetsa kuti analikuonjeza mitunda pa malipoti ace. Oweruza anai anati sanalakwiridwe, popeza anauzidwiratu za kacipangizoko, ndipo bwalo la kwao linangowerenga mitunda, osati malo amene anapitako. Oweruza atatu anakana. Ngati akadaulo otero anagawikana pa munthu amene anauzidwa, nanga pa iye amene anabisiridwa?

Wina adzati: «Tsono ndimsainitsa kalata, nkhani yatha.» Pepani, sinathe. Mnyamata wa ana atatu amene m'nkhokwe mwace mulibe kanthu asaina ciri conse cimene mumuikira patsogolo. Papa Leo XIII, m'kalata yace Rerum Novarum ya 1891, anaphunzitsa kuti wanchito amene abvomera pangano loipa cifukwa ca kusowa kapena mantha wacitiridwa nkhanza. Iye anali kunena za malipiro, koma ine ndiona kuti mfundoyo ifika ndi pano pomwe. Cilolezo ceniceni ncakuti munthuyo amve m'cinenero cace zimene zidzalembedwa ndi amene adzaziona, ndipo akaweruka bwana aleke kusuzumira. Za kuitana mkazi wa dalaivala ndi kumuonetsa pa foni kumene mwamuna wace anaima, bwana asayese nkomwe. Ndipo ngati njingayo ndi ya wanchito mwini, wobisamo kacipangizo alibe ponamizira.

Mkristu wa pa mphakati panu akacotsedwa nchito cifukwa ca GPS imene sanauzidwe, musangomuuza kuti apirire. Employment Act ya caka ca 2000, pa ndime 57, ifuna kuti munthu apatsidwe mpata wodziyankhira asanacotsedwe. Apite kwa mkulu wa za nchito ku boma la Salima, ndipo pakalephereka pali bwalo la Industrial Relations Court. Atenge kalata yomlembera nchito ndi kalata yomcotsera, ndipo mmodzi wa inu amperekeze.