Hatchi yanga inadwala ine ndili m'ndege

Wokondedwa Mlangizi,

Ndine mayi wa ku Malawi koma ndimakhala ku Midrand, ku South Africa. Zaka zitatu zapitazo ndinagula hatchi, chinthu chomwe ndinkachilakalaka kuyambira ndili mtsikana. Imasungidwa pakhola lolipira kufupi ndi Kyalami. Chaka chino andikweza pantchito, ndipo mwezi sutha ndisanakwere ndege: Lusaka, Nairobi, nthawi zina Lilongwe. Mwezi watha hatchiyo inadwala m'mimba usiku ine ndili m'ndege, foni ili chizimire. Apakhola anazengereza kuitana dokotala poti sanandipeze. Inachira, koma mtima wanga sukukhazikika. Abale akuti ndingoigulitsa, ati n'zachizungu. Kodi ndikuizunza? Ndisiye ntchito kapena ndisiye hatchi?

Wosowa mtendere, Midrand

Pepani kwambiri, achemwali. Kutsika ndege, kuyatsa foni n'kupeza mauthenga ali mbwee onena kuti chiweto chanu chagona pansi, si zopepuka ayi. Zimapweteka koposa ngati anthu amene mukanawadandaulira ndi omwewo akudabwa kuti munthu wamkulu angalirire hatchi. Musawakwiyire abalewo. Ambirife kwathu hatchi timangoiona pa kanema kapena kumalo a alendo, choncho sitidziwa kuti imamva mawu a mwini wake akadali patali. Inu mukudziwa, ndipo chisoni chanucho n'chomveka.

Koma funso lanu mwalimanga ngati njira zilipo ziwiri zokha. Ndiloleni ndilimasule kaye.

Hatchi siwerenga masiku monga muchitira inu muli kuhotela ku Nairobi. Ndi nyama yokhala m'gulu, ndipo ikasiyidwa paufulu nthawi yambiri ya tsiku imathera kudya udzu pang'onopang'ono pafupi ndi zinzake. Hatchi yolemera makilogalamu 500 imafuna udzu wouma wokwana pafupifupi makilogalamu 10 patsiku, madzi oyera malita 25 kapena kuposerapo kukatentha, malo oyendayenda, anzake, ndiponso kuti chakudya chizibwera nthawi yake. Zikakhalapo zimenezi, masiku anayi osakuonani siilira. Imene imazunzika ndi yotsekeredwa yokhayokha m'kachipinda, ngakhale mwini wake atamabwera madzulo alionse ndi karoti m'manja.

Matenda a m'mimba aja, omwe madokotala amati colic, amagweranso mahatchi a anthu ogona pafupi penipeni ndi khola. Hatchi sitha kusanza, ndipo matumbo ake sachedwa kuvuta chakudya chikasinthidwa mwadzidzidzi kapena ikamwa madzi ochepa, monga zimachitikira m'nyengo yozizira. Simunaidwalitse ndinu. Ine pomwe ndaima ndi pamawu anu akuti apakhola anazengereza. Pamenepo ndiye pali chokonza, chifukwa hatchi ikayamba kupalasa pansi, kudziyang'ana m'nthiti, kugubuduzika, kukana chakudya kapena kusachita ndowe, ola lililonse ndi lamtengo. Anthuwo mwina sanachite mwa ulesi. Ankaopa kukulowetsani m'ngongole musanavomere.

Ndiye achotsereni manthawo. Lembani kalata yosainidwa yowalola kuitana dokotala wa ziweto nthawi ina iliyonse osayamba akufunsani, mutchulemo ndalama zomwe angagwiritse ntchito inu musanapezeke. Mutchulenso munthu wachiwiri wodziwa mahatchi amene angagamule m'malo mwanu. Pali funso lina lowawa loti muliyankhe lero muli phee, musadikire kudzaliyankha pakati pausiku muli pabwalo la ndege: dokotala atanena kuti pakufunika opaleshoni, monga kuchipatala cha ziweto cha University of Pretoria ku Onderstepoort, mudzavomera? Ndalama zake ndi zambiri. Ngati muli ndi inshuwalansi, werengani bwino zomwe imalipira ndi zomwe siilipira. Yankho lililonse lomwe mungapereke ndi lanu, palibe wokuweruzani, bola dokotala ndi apakhola alidziwiretu.

Musamuiwale mnyamata amene amasamalira hatchiyo tsiku ndi tsiku. M'makola ambiri a ku Gauteng ogwira ntchitoyi ndi anzathu a ku Malawi ndi ku Zimbabwe, kotero mwina mumalankhula naye Chichewa kale. Iyeyo ndi amene amayamba kuona kuti lero ndowa ya madzi sinatsike kapena ndowe zachepa. Mudziweni dzina, mumulemekeze, muzimuthokoza ndi kangachepe, ndipo mugwirizane ndi mwini khola kuti azikutumizirani chithunzi chimodzi pa WhatsApp m'mawa. Chimodzi basi. Kuimba foni ola lililonse kumangokuwonjezerani nkhawa, naye amayamba kuona ngati simumukhulupirira.

Zina ndi zongolemba pakalendala. Wokonza ziboda azibwera masabata 6 alionse kapena apo ndi apo, kaya mulipo kaya mulibe. Mano aziwonedwa kamodzi pachaka. Kumene muliko samalani kwambiri ndi African horse sickness, matenda akupha omwe amafala ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma kwambiri dzuwa likamalowa ndi m'bandakucha. Katemera wake amaperekedwa pakati pa 1 June ndi 31 October, majekeseni awiri otalikirana masabata osachepera atatu. Ulendo wa kuntchito usakudumphitseni jekeseni wachiwiriyo. Ndipo mukachoka hatchi n'kumangokhala osakweredwa, auzeni apakhola achepetse chakudya cha m'matumba koma udzu usachepe, chifukwa hatchi yodya zamphamvu ili chikhalire imatha kuuma minofu kapena kudwala ziboda. Mukabwera musailipiritse masiku onse otayika Loweruka limodzi. Yambani pang'onopang'ono.

Tsopano ndinene chomwe ndikuona kuti chingakuthandizeni koposa, ngakhale mwina poyamba chikuwawani. Pezani munthu wogawana naye hatchiyo. Kumeneko amati half lease: wina amaikwera masiku awiri kapena atatu pasabata n'kumathandizako kulipira khola, koma mwini mukhalabe inu. Si zachilendo kwa ife. Makolo athu akamapita kutali kukagwira ntchito ankaikiza ng'ombe kwa munthu wodalirika, ndipo palibe ankati azitaya. Kudera la Kyalami kuli okwera ambiri odziwa bwino koma opanda hatchi yawoyawo. Mphunzitsi wapakhola panu akhoza kukulozerani. Mukamuonere akukwera musanavomere, muyambe ndi mwezi umodzi woyeserera, ndipo zonse zilembedwe: masiku ake, zomwe aloledwa kuchita, ndi yemwe adzalipire hatchi ikavulala. Kansanje kadzabwera tsiku lomwe mudzaione ikuthamangira munthu wina. Kalekeni kabwere, kamapita kokha. Ine ndingasankhe hatchi yokhala ndi anthu awiri oikonda kusiyana ndi yodikira mmodzi amene ali ku Lusaka.

Za kusiya ntchito, ayi achemwali, musachite zimenezo chifukwa cha mantha a usiku umodzi. Ntchitoyo ndi imene imagula udzu n'kulipira dokotala. Chomwe mungachite n'kupempha akuluakulu anu kuti ndondomeko ya maulendo azikupatsani msanga, ndipo ngati n'kotheka maulendo ena aziphatikizidwa kuti muzikhala ndi masabata athunthu muli pakhomo. Simufunika kutchula hatchi popempha zimenezi.

Sindikubisirani kuti kugulitsa kapena kuibwereketsa yonse kwa wina ndi njiranso. Hatchi imatha kukhala zaka 25 mpaka 30, ndipo moyo wa munthu umasintha m'zaka zochuluka choncho. Mukayesa zonsezi kwa miyezi isanu ndi umodzi n'kuona kuti ndalama zikukufinyani, kapena kuti popita kukhola mumapita ndi mtima wolemera m'malo mosangalala, kuipezera mwini wabwino si kuitaya. Koma chigamulo chimenecho chidikire mtima uyambe watsika, ndipo chichokere kwa inu, osati kwa abale.

Sabata ino yambani ndi kalata yowalola kuitana dokotala ija musanakwerenso ndege. Mukapeza wogawana naye, mudzandilemberenso mundiuze mmene zikuyendera.

Mlangizi