Phunziro la Mbaula: Kuchokera kwa Mmisiri wa Zitsulo Kufika M'kalasi

Chiyambi

Mzinda wa Lichinga uli pamtunda wa mamita opitirira 1,300, ndipo amene anagonapo ku Namacula mwezi wa Juni kapena Julayi amadziwa mmene chisanu chimalowera m'mafupa. Nyengo imeneyi mbaula sikhala yophikira pokha. Madzulo banja limaizungulira, ana akuotha manja, mbatata ikupsa pambali. Pafupifupi mwana aliyense wa m'kalasi mwathu anaikolezapo, ndipo ena anaimapo pa msewu n'kuonerera amisiri akuwotcherera zitsulo zake. Tasankha chipangizo chimenechi pofuna kuonetsa mfundo imodzi: mwana ayambe wamvetsa chifukwa cha chinthu m'chinenero chake, dzina la Chipwitikizi libwere pambuyo. Pa nkhani ya mbaula, kumvetsa kumeneku kungathe kupulumutsa moyo.

Njira imeneyi ili ndi maziko ake. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE linayesa maphunziro a zinenero ziwiri mu ntchito yotchedwa PEBIMO, Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya 2004 inapatulanso magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira kuti akhale a *currículo local*, ndiko kuti nzeru za m'dera limene sukulu ili. Mbaula ikulowa pakhomo limeneli.

Zolinga

Pomaliza phunziroli, mphunzitsi wophunzira athe:

1. kufotokoza m'Chinyanja mmene mbaula yachitsulo imapangidwira;
2. kutulutsa phunziro la masamu ndi la sayansi m'ntchito ya mmisiri;
3. kuwolotsa ana kupita ku mawu a Chipwitikizi popanda kutaya tanthauzo;
4. kuphunzitsa ngozi za makala ndi za kuwotcherera m'mawu amene mwana angakabwereze kwa makolo.

Zoyenera kuzidziwa ife tisanaime pamaso pa ana

Mmisiri amayamba ndi chitsulo chophaphatika, nthawi zambiri chotsala ku ntchito zina, monga cha mgolo wakale, kapena amatenga mkombero wa gudumu la galimoto. Amayeza, n'kulemba mzere ndi choko, n'kudula. Kenaka amapinda chitsulocho kuti chizungulire, mbali ziwiri zikumane. Sathamangira kuwotcherera msoko wonse. Amayamba wagwiriziza malo atatu kapena anayi ndi timadontho, chifukwa chitsulo chikatentha chimafutukuka ndipo chikamazizira chimakoka, kotero msoko wowotchereredwa mwaphuma umapotoza mbaula yonse.

Kuwotcherera si kumata ngati ndi ulimbo. Makina amatumiza magetsi kudzera pa kamtengo kachitsulo kokutidwa ndi mankhwala, kamene amisiri ambiri kuno amakatchula ndi dzina la Chipwitikizi, *eléctrodo*. Nsonga yake ikayandikira chitsulo, magetsi amalumpha n'kupanga lawi lotentha kupitirira madigiri 3,000, pamene chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. M'mphepete mwa zidutswa ziwirizo mumasungunuka, kamtengoko nakonso n'kusungunukiramo, ndipo zikazizira zimakhala chitsulo chimodzi. Mankhwala okutira aja amasiya chikhungwa chonga nkhanambo pamwamba pa msoko, chimene mmisiri amachigogoda ndi nyundo kuti aone ngati ntchito yagwira.

Pakati pa mbaula amaikapo chitsulo chabowobowo chokhalira makala. Pansi pake amasiya mpata wogwera phulusa ndi khomo lolowera mpweya. Amamaliza ndi zigwiriro ziwiri, timichirikizo ta poto, ndi miyendo, imene kawirikawiri imakhala itatu.

Kayendetsedwe ka phunziro

*Gawo loyamba: mawu a ana.* Timabweretsa mbaula yozizira, yopanda makala, n'kuiika pakati. Sitiyamba ndi kufotokoza. Timafunsa: "Ichi kwanu mumachitcha chiyani? Ndani amachikoleza? Chikakana kuyaka mumatani?" Mawu onse otuluka timawalemba pa bolodi: makala, phulusa, kukoleza, kukupiza, kuuzira, mbaliwali, dzimbiri. Ku Namacula m'kalasi imodzi mumapezeka ana olankhula Chiyao ndi Chimakhuwa kunyumba. Iwonso tiwapatse mpata wotchula mayina a kwawo, ndipo tiwalembe pambali pa a Chinyanja. Mwana amene mawu ake alembedwa pa bolodi sachitanso manyazi kukweza dzanja.

*Gawo lachiwiri: chifukwa chake.* Timafunsa chimene mmisiri anaboolera mabowo. Ambiri adzayankha kuti ndi ogwetsera phulusa. Yankholi ndi loona, koma ndi theka. Tiwakumbutse zimene anena okha: moto ukafooka amaukupiza. Nanga kukupiza kumaupatsa chiyani? Akafika pa mawu akuti mpweya, afika pa sayansi. Apa tingatchule osula zitsulo akale a Amaravi, amene ankasungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu pouzira moto ndi mvukuto. Chinenero chathu chinali kale ndi mawu a nzeru imeneyi sukulu isanabwere. Za miyendo itatu, tingofunsa kuti mafuwa amakhala angati. Ana ayese okha kuimika chinthu cha miyendo inayi pa nthaka yosasalala, aone kugwedezeka kwake.

*Gawo lachitatu: masamu.* Ana azungulize chingwe pa mlomo wa mbaula, kenaka ayeze m'mimba mwake kuchokera mbali ina kufika mbali ina podutsa pakati. Adzapeza kuti chingwecho chikulowa katatu ndi kotsalira pang'ono. Abwereze pa ndowa, pa mbale ndi pa chitini. Akatsimikiza okha, m'pamene timawauza kuti katatu ndi pang'onoko ndi 3.14. Funso lotsatira likhale la mmisiri: mayi akufuna mbaula ya masentimita 30 m'mimba mwake, chitsulo chidulidwe chotalika bwanji? Yankho ndi masentimita 94.2. Ana adule katoni pa muyeso umenewu, aipinde, aone ngati ikukwana.

*Gawo lachinayi: mlatho wa ku Chipwitikizi.* Tsopano lingaliro lililonse lili ndi mwini wake, choncho timalipatsa dzina lachiwiri: makala ndi *carvão*, phulusa ndi *cinza*, kuwotcherera ndi *soldar*, m'mimba mwa chozungulira ndi *diâmetro*, utali wa chingwe chija ndi *perímetro*, ndipo gawo la mpweya limene moto umadya ndi *oxigénio*. Mawu asanu kapena asanu ndi limodzi akwanira pa tsiku. Tisagwe m'chizolowezi chonena chiganizo m'Chipwitikizi n'kuchimasulira pomwepo, chifukwa ana amazolowera kudikira kumasulirako, osamvetseranso choyambacho. Chinenero chilichonse chikhale ndi nthawi yake.

Ngozi zoyenera kuphunzitsidwa m'chinenero cha kunyumba

Makala akamayaka m'chipinda chotseka, mpweya wabwino umachepa ndipo pamatuluka mpweya wakupha wotchedwa *monóxido de carbono*. Suoneka, sununkha. Anthu ambiri amakhulupirira kuti makala akasiya kufuka utsi ndiye kuti ngozi yatha, komatu makala ofiira, opanda utsi, amautulutsabe. Ukalowa m'mapapo, magazi amaugwira mwamphamvu kuposa mpweya wabwino nthawi zopitirira 200. Munthu amamva mutu, chizungulire, mseru ndi tulo, ndipo amene wagona kale angathe osadzukanso.

Mwana woloweza dzina la Chipwitikizi lokha adzakhoza mayeso, koma usiku wa chisanu sadzatsegula pakamwa. Tikufuna mwana wotha kunena kuti, "Amayi, titulutse mbaula tisanagone, mpweya wake umapha ngakhale utsi palibe." Ana ayeserere m'sewero kulankhula mawu otere mwaulemu kwa amayi, abambo kapena agogo. Adziwenso chochita wina akayamba kumva mutu ndi chizungulire pafupi ndi mbaula: kutsegula chitseko, kumutulutsira panja, kuitana akuluakulu ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Ngozi ina ili kwa mmisiri. Lawi la kuwotcherera limakopa ana, koma kuwala kwake kumapsereza maso. Ululu sumveka pomwepo; umabwera patapita maola angapo, kawirikawiri usiku, maso akuchita ngati mwalowa mchenga. N'chifukwa chake mmisiri amatchinga nkhope ndi chigoba cha galasi lakuda. Magalasi a dzuwa wamba sateteza. Tiwauzenso kuti mgolo umene munali petulo kapena mafuta ungathe kuphulika poudula ndi moto ngakhale ukuoneka wouma, ndiponso kuti malata onyezimira ofolera nyumba amatulutsa utsi wodwalitsa akatenthedwa, choncho sayenera kupangira mbaula.

Kuitana mmisiri

Ana a pulayimale sawotcherera, ndipo sitiwatengera pamalo pamene makina akuyaka. Ndi bwino kupempha mmisiri wa m'dera kuti abwere kusukulu ndi zidutswa za mbaula yosalumikiza, chigoba chake ndi nyundo. Tidziwitse mkulu wa sukulu ndi makolo, ndipo tikamuone mmisiriyo kusanafike tsikulo kuti timve mawu amene amagwiritsa ntchito. Akamasakaniza Chinyanja, Chiyao ndi Chipwitikizi, tisamukonze pamaso pa ana. Pa ola limenelo mphunzitsi ndi iyeyo, ndipo ana amupatse ulemu womutchula kuti bambo kapena amisiri.

Ntchito ya mphunzitsi wophunzira

1. Chezani ndi mmisiri mmodzi wa zitsulo, mulembe mawu khumi a ntchito yake, ndi kusonyeza a Chinyanja ndi obwereka.
2. Konzani phunziro la mphindi 45 la gawo lachitatu, ndi mafunso amene mudzafunse.
3. Lembani ziganizo zisanu za Chinyanja zochenjeza za makala, zoti mwana wa zaka 9 angazinene kwa agogo ake popanda kuoneka wamwano.

Mathero

Poyesa ngati phunziro lagwira, tisangofunsa mayina a Chipwitikizi. Tipatse mwana mbaula yozizira, atifotokozere m'chinenero chake chifukwa cha mabowo, cha miyendo itatu ndi choitulutsira panja usiku. Akatha kutero, *oxigénio* ndi *perímetro* zidzapeza pokhala.