Kumvetsera mtima ntchafu zisanayambe kuphwanya

Mnyamata wa ku Kamwendo akasewera mpira mphindi 90 Lamlungu, Lolemba amadzuka ali bwinoko, koma Lachiwiri ngakhale kunjuta kumamukanika. Ululu wotere umakula pakadutsa maola 24 mpaka 72, makamaka ngati anathamanga motsetsereka kapena kuima mwadzidzidzi kambirimbiri.

Mtima utha kumuchenjeza za kutopa kwa thupi, chifukwa sugunda ngati wotchi. Mipata ya pakati pa kugunda kwake imasiyana ndi timagawo ta sekondi, ndipo kusiyanako ndiko akatswiri amati HRV. Thupi likapuma mokwanira mipatayo imasiyana kwambiri; likalema imayamba kufanana.

Choyamba wosewera apeze choyezera. Pulogalamu ya HRV4Training imayeza ndi foni, chala chitaphimba kamera. Lamba wa pachifuwa wa Polar H10 ndi wolondola kwambiri, kungoti ndi wodula. Ayeze m'mawa uliwonse kwa mphindi imodzi, atangodzuka ndi kutaya madzi, asanamwe tiyi, atakhala mofanana ndi dzulo. Nambalayo ailembe m'kope, pambali pake alembenso mmene miyendo ikuwawira, kuyambira 0 mpaka 10.

Masabata awiri oyamba ndi ongodziwira nambala yake ya masiku onse. Ya mnzake ilibe naye ntchito.

Zikatero, nambala ikatsika masiku awiri kapena atatu otsatizana, auze kochi kuti amuchepetsere zolimbitsa thupi. Kupalasa njinga mosathamanga, kugona msanga ndi kudya nsima ya nyemba kapena nsomba kumuthandiza. Koma asadalire foni yokha. HRV imanena za kutopa kwa thupi lonse, osati za ntchafu, moti miyendo itha kuwawa nambala ili bwino. Kope lija ndilo lidzamuonetse ngati kwa iye ziwirizi zimayendera limodzi.

Wopanda foni yamakono asadandaule. Agwire mtsempha wa padzanja n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa masekondi 60. Imeneyo si HRV, komabe mtima ukamathamanga kuposa masiku onse, thupi silinapume.

Kuno ku Mchinji nyengo ya dzinja imasokoneza zonsezi chifukwa cha malungo. Malungo amathamangitsa mtima n'kutsitsa HRV, monganso mowa ndi kusagona. Thupi likatentha, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka minofu ikuwawa kwambiri, asiye mpira apite ku chipatala chachikulu cha Mchinji kapena chilichonse chapafupi tsiku lomwelo.