Laputopu Yatsopano Ikukana Windows 7: Mafunso ndi Mayankho

Ife okonza makompyuta pa Mwanza boma ndi kuboda talemba kabukuka chifukwa dandaulo limodzi latichulukira. Munthu amalandira laputopu kuchokera ku Joni kapena ku Blantyre, n'kuuza wina amuchotsere Windows yomwe yabwera nayo kuti aikemo Windows 7 imene anaizolowera. Makina akakana, mkangano umabuka ndi m'bale amene anamugulira.

Purosesa n'chiyani?

Ndi kachipangizo komwe kamayendetsa ntchito zonse m'kompyuta. Mapurosesa ambiri kuno ndi a Intel kapena AMD.

Laputopu ikakana Windows 7, ndiye kuti ndi yachinyengo?

Ayi. Windows 7 inatuluka mu 2009. Mu 2016 kampani ya Microsoft inalengeza kuti mapurosesa atsopano, kuyambira Intel ya m'badwo wa 7, aziyendera Windows 10 basi. A AMD Ryzen, omwe anafika mu 2017, ali m'gulu lomwelo. Chinanso, Windows 7 sidziwa USB 3.0 payokha. N'chifukwa chake mukafika pakati poika, mausi imangoti zii, fulashi yomwe mwalowetsa pomwepo osaonekanso. Makinawo ndi abwinobwino.

M'badwo ndingaudziwe bwanji?

Onani dzina lonse la purosesa. Pa i5-7200U, nambala 7 ija ndiye m'badwo. I5-8250U ndi wa 8.

Koma mnzanga anamuikira Windows 7 ndipo ikuyenda?

Zimatheka mochita kukakamiza, sitikana. Komatu kawirikawiri Wi-Fi kapena mawu sizigwira chifukwa ma driver ake kulibe, ndipo pamatuluka uthenga woti "Unsupported hardware". Chachikulu n'chakuti Microsoft inasiya kuteteza Windows 7 pa 14 January 2020. Kuboda kuno, komwe fulashi imodzi imazungulira maofesi angapo a okiliyalitsa katundu tsiku limodzi, mavayirasi sachedwa kulowa. Ife ntchito imeneyi sitiilimbikitsa.

Nanga yakaunjika yomwe ikukana Windows 11?

Apa ndiye zatembenuka, purosesa ndi imene yakalamba. Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, TPM 2.0 ndi RAM yosachepera 4GB. Windows 10 nayo Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025. Ubuntu kapena Linux Mint ndi zaulere ndipo zingathandize m'malo mwa Windows, ngakhale mapulogalamu ena a ku ofesi mwina sangayende.

Pulinta yanga yakale igwirabe ndi Windows yatsopano?

Zambiri zimagwira, zina ayi. Bwerani nayo tiyese musanasinthe chilichonse.

Zidya ndalama zingati, nanga mafayilo atayika?

Mtengo sitingaunene tisanaone makina. Zimatengera laisensi, bandulo ndi ntchito yake. Mafayilo angathe kutayika pofomata, choncho akopereni pena kaye. Batire likhalenso lodzaza, poti magetsi akathima ntchito ili mkati pangathe kuonongeka zina.

Ndiye mukutsimikiza kuti sanandipusitse ku Joni?

Funso ili limabwerabe, ena mpaka kawiri. Kukana Windows 7 pakokha si umboni woti munaberedwa. Nthawi zambiri kumangosonyeza kuti purosesa ndi yatsopano. Ngati mukukayika pa zina, monga batire kapena disiki, tikhoza kuziyeza padera.

Chonde, laputopu ikafika musathamangire kuifomata. Isiyeni ndi Windows yomwe yabwera nayo, ndipo funsani kaye musanakwiyire m'bale wanu.