N'ciani Cimacedwetsa Mwana Kuyamba Kuyamwa?

Mwana akabadwa ayenera kuikidwa kubele ola limodzi lisanathe. Awa ndi malangizo a mabungwe a WHO ndi UNICEF. Mu 2006 kunafalitsidwa zotsatira za kafukufuku wa kumidzi ya ku Ghana. Anapeza kuti pa ana 100 amene amamwalira asanathe mwezi, 22 akanapulumuka ngati ana onse akanayamba kuyamwa mu ola loyamba. Kuno ku Zambia, kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anaonetsa kuti ana 76 pa 100 anayamwa mu ola limeneli. Ndiye kuti mwana mmodzi pa anai alionse anacedwa.

Nanga amamcedwetsa ndani? Kawirikawiri si mai mwini. Mai amene wangocira kumene amakhala wotopa, ndipo amangomvera anthu amene amzungulira: azamba, amai ake, apongozi, agogo. Cifukwa cake phunziro ili si la amai apakati okha.

Tiyambe ndi mkaka woyamba, uja wacikasu ndi wonanda pang'ono. Ambiri tinakula tikumva kuti ndi woipa, kuti unakhalitsa m'bele, kotero ayenera kuufinyira pansi ndi kudikira woyera. Akuluakulu amene amanena izi amatero cifukwa cokonda mwanayo, koma pamenepa panalakwika. Mkaka umenewu uli ndi zoteteza mwana ku matenda monga kutsegula m'mimba ndi cibayo, ndipo umathandiza kutulutsa cimbudzi coyamba cakuda cija. Ena amati, "Koma ndi timadontho cabe, mwana akhuta bwanji?" Tsiku loyamba kamimba ka mwana kamadzaza ndi mkaka wokwana supuni yaing'ono imodzi basi. Mkaka wambiri umabwera pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo umabwera msanga ngati mwana ayamwa pafupipafupi. Kudikira kuti bele lidzaze ndiye muyamwitse, ndiko kumene kumacedwetsa mkakawo.

Njala nayo imalowapo, ndipo apa tikhalepo pang'ono. M'zaka za cilala, monga 1992 ndi 2024, mai amene wakhala akudya kamodzi pa tsiku amaganiza kuti bele lake lauma. Acibale amamva cisoni, n'kuyamba kupatsa khanda madzi a shuga, kapena mankhwala a zitsamba, kapena phala lamadzimadzi. Zoona zake n'zakuti thupi la mai, ngakhale waonda, limapangabe mkaka, kupatula ngati wadwala kwambiri ndi njala, ndipo woteroyo afunika cipatala. Ngozi ili m'madzi aja. Pa cilala zitsime zabwino zimauma, timatunga m'mikuwa ndi m'maenje a kudambo momwe ng'ombe zimamweranso. Kapu imodzi ya madzi otere ingathe kutsegula m'mimba mwa khanda la tsiku limodzi. Ngati pakhomo pali ufa, nshawa kapena nyemba zocepa, mbale yoyamba ipite kwa mai. Mwana adzadya kudzera mwa iye.

Cina ndi cangu ca kusambitsa. Mwana akatengedwa kukasamba, kenaka kufunditsidwa, kenaka kupita m'manja mwa acibale kuti amuone, ola lija latha kale. Mpukuteni ndi nsalu yoyera, mgonekeni pacifuwa ca mai khungu ndi khungu, ndipo mufunditse onse awiri ndi citenge. Ana ambiri amafunafuna bele okha. Kusamba kungadikire mpaka patapita maola 24. Mai nayenso amapindula, pakuti mwana akamayamwa ciberekero cimabwerera msanga ndipo magazi otayika amacepa.

Amai ocira mwa opareshoni ndiwo amacedwa koposa, cifukwa ca ululu ndi mankhwala, ndiponso sangathe kunyamula mwana okha. Womdikira kucipatala asacite manyazi. Apemphe anamwino mwaulemu kuti amthandize kuika mwana kubele mai akangotha kumgwira. Mwana wobadwa masiku asanakwane, amene alibe mphamvu ya kuyamwa, angapatsidwe mkaka wofinya wa mai ake ndi kapu yoyera.

Za kacilombo ka HIV malangizo anasintha, ndipo amene anamva akale aja amaopabe. Tsopano mai amene ali ndi kacilomboka amalangizidwa kumwa ma ARV tsiku ndi tsiku ndi kuyamwitsa kuyambira ola loyamba, bele lokhalokha mpaka miyezi 6.

Inu abambo, mbali yanu ndi ulendo. Kubadwira panjira, pangolo kapena panjinga, kumasokoneza zonse tanenazi. Ngati cipatala cili kutali, perekezani mai kunyumba yodikirira masiku asanakwane, ndipo amene adzamdikire, kaya ndi apongozi kaya ndi mlongo, apite naye kusikelo kamodzi kuti akadzimvere yekha za mkaka woyamba.