Ntchito ya Kafukufuku pa Tindege Todziwongolera Tokha

Mawu Oyamba

Droni ndi kandege kouluka popanda munthu mkati. Ambiri tikamva dzinali timaganiza za munthu amene wagwira rimoti. Chimangirizo chino chikufotokoza ntchito ina, ya akatswiri a m'mayunivesite amene amafufuza njira zoti kandegeka kazidziwongolera kokha.

Zimene Amafufuza

Mayi wosenza mtsuko sauyang'ana. Khosi lake limamva mtsukowo ukayamba kupendekeka ndipo limaubweza nthawi yomweyo. Droni nayo imatero. Ili ndi tizipangizo tomva kupendekeka, ndipo kompyuta yake imayerekeza mmene yakhalira ndi mmene iyenera kukhalira, kenaka nkusintha liwiro la mapiko ake ozungulira. Izi zimachitika maulendo mazanamazana pa sekondi imodzi.

Maziko a luso limeneli ndi akale. M'chaka cha 1922, Nicolas Minorsky anafotokoza kuti wowongolera sitima yapamadzi amasamala zinthu zitatu: kukula kwa kuphonya njira, nthawi imene kuphonyako kwakhalapo, ndi liwiro limene kukusinthira. Njirayi, yotchedwa PID, ikugwirabe ntchito m'madroni ambiri. Chovuta ndi muyezo. Droni yodzikonza mopyola imanjenjemera mpaka kugwa, pamene yodzikonza mochedwa imatengedwa ndi mphepo.

Njira ya Maphunziro

Wofuna ntchitoyi amayamba ndi digiri ya uinjiniya wa zamagetsi kapena wa makina, ndipo ayenera kukhwima pa masamu ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta. Kenaka amachita digiri yachiwiri ndi ya PhD. Akalembedwa ntchito pa yunivesite amaphunzitsa, amasaka ndalama za kafukufuku, ndiponso amasindikiza zimene wapeza kuti akatswiri anzake azipime. Chitsanzo ndi Vijay Kumar wa ku University of Pennsylvania, amene gulu lake linatchuka poulutsa timadroni tambiri pamodzi popanda kugundana.

Kufunika Kwake Kuno Kwathu

M'chaka cha 2017, boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserapo madroni ku Kasungu. Chaka chomwecho, droni yotchedwa EcoSoar, imene inakonzedwa ku Virginia Tech nkumangidwa ndi ophunzira a ku Malawi, inauluka yokha makilomita 19 kuchokera pachipatala cha Gogode kukafika pabwalo la ndege la Kasungu. Mu 2020 munatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe.

Mathero

Kuulutsa droni ndi luso lofunika, koma woulutsa amadalira malamulo a masamu amene wina anawalemba mkati mwa droniyo. Droni yonyamula mankhwala ikasokera chifukwa cha mphepo ya mwera, wodwala ndiye amavutika. Choncho dziko likusowanso anthu odziwa kulemba ndi kukonza malamulowo, ndipo ulendo wawo umayambira m'kalasi ya masamu.